Chitseko cha Gonthi

Ponyanipo chidutswa china pamotopo, Juni wa chaka chino wabwera ndi ukali. Musatenge chapenticho, utsi wake umapweteketsa mutu. Ndipo musiye kundiseka. Ndakuonani kuyambira m'mawa mukukodolana chifukwa makaniko wamkulu ngati ine ndakhala pamwala kumawongola misomali yopindika ngati kuti kusitolo inatha. Misomali imeneyi ili ndi nkhani yake. Popeza makasitomala sanayambe kubwera, senderani kuno mumve, koma wondidula pakamwa akamalize yekha.

Malo ano anali a achimwene anga a Lufeyo. Ena mwa inu simunawaone. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, koma makani ake ngati bulu. Ntchito yawo inali ya mapaleti. Ankapita ku Kanengo kukatenga mapaleti othyoka amene makampani atopa nawo, n'kubwera nawo kuno kudzawakanula ndi chitsulo, thabwa limodzilimodzi, osang'amba ngakhale limodzi. M'matabwa amenewo munkatuluka mabenchi, mashelefu ndi makola a nkhuku. Msomali uliwonse umene azula ankaugoneka pamwala uwu, n'kuuwongola ndi hamala yawo ya mpini wofiira, go go go, kenako m'chitini. Akazi awo a Nachisale, alamu anga, ndiwo ankacheka ndi kupala, ndipo phokoso la misomalilo linkawanyansa kwabasi.

Mapaletiwo ankabwera pa pikapu yakalekale imene tinkaitcha Gonthi. Dzinalo ndinapereka ndine, chifukwa sankamva mabuleki. Ukaponda, ankayamba waganiza kaye ngati walankhula ndi iye kapena ndi wina. Achimwene ankamukonda Gonthi moti alamu ankati ndi mkazi mnzawo.

Chaka chimene achimwene anadwala, loko wa chitseko cha dalaivala anathyoka. Kuchokera mkati chitsekocho sichinkatseguka, pokhapokha wina aime kunja achipane ndi sipanala. Munthu wina aliyense akanangosendera n'kutulukira khomo la mbali inayo. Achimwene ayi.

"Uko n'kwa alendo," ankatero. "Ine ndalowera pano, nditulukira pompano."

Ndiye akafika kuchokera ku Kanengo ankangokhala phee pachiwongolero, n'kuliza hutala katatu, kawiri mwachidule, kachitatu motalika. Kumeneko kunali kundiitana ine, kuti Gelesomu bwera udzatsegule. Garaja yanga ndi iyi mukuionayi, kuseri kwa mpandawu. Ndinkasiya ntchito ya eni ake, ndikutukwana chamumtima, n'kupita kukawatsegulira ngati bwana wamkulu. Tsiku lililonse ndinkalonjeza kuti mawa ndipeza loko wina, ndipo tsiku lililonse ndinkaiwala.

Tsiku lina chitsekocho chinatseguka chokha pakhona, achimwene anatsala pang'ono kugwera mumsewu. Ndinapsa mtima. Madzulo omwewo ndinatenga makina n'kuchiwotcherera malo atatu, ndikuti ndi kwa sabata imodzi yokha mpaka ndipeze loko. Sabata yomweyo achimwene anagonekedwa kuchipatala, ndipo sanabwererenso pano.

Bokosi lawo anakhoma ndi alamu, ndi manja awo, ndi matabwa a mapaleti amene anasankha okha. Sanalole munthu kuwathandiza. Sanalirenso, ngakhale dontho, mpaka azimayi anayamba kunong'onezana. Tinanyamula maliro pa Gonthi yemweyo kupita kwathu kwa Kanjiwa, kupitirira Linthipe. Woyendetsa ndinali ine, ndipo ndinalowera khomo la alendo lija n'kusendera.

Kwathu womwalira sumangomunyamula ngati thumba la chimanga. Umamuuza kumene akupita. Malume a Chimbalanga anaima pakhomo la nyumba yachisoni n'kunena kuti, "Lufeyo, tabwera kudzakutenga. Kwera galimoto yako tizipita kwathu." Pamlatho uliwonse ankatchula dzina la mtsinje kuti mwana wa mlongo wawo asatsale tsidya lina. Titafika kumudzi anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anagwira bokosi, n'kunena kuti, "Tafika, tsika." Zonse zinachitika mwamwambo wake, ndipo palibe amene anapeza polakwika.

Titabwerera kuno, alamu anakana kutseka malowa. Ndinawaphunzitsa kuyendetsa, ndipo pasanathe miyezi iwiri anali akupita okha ku Kanengo. A Nachisale ndi munthu wamfupi. Kuti phazi lifike pa kilachi ankakokera mpando kutsogolo mpaka kumapeto.

M'mawa wina anabwera kugaraja manja ali m'chiuno.

"Alamu, galimoto yangayi mukumapita nayo kuti ine ndikachoka?"

"Ine? Ndipite nayo kuti nkhalamba imeneyi?"

"Nanga mpando akumaubweza m'mbuyo ndani? Tsiku lililonse ndikumaupeza uli kumapeto. Kapena mwapeza kachibwenzi ka miyendo yaitali?"

Tinaseka. Ndinapita kukaona, ndinati chogwirira mpando chatha mano, ndinachimanga. M'mawa mwake mpando unali kumbuyo.

Kenako hamala ya mpini wofiira inayamba kusowa. Alamu ankaipachika pamsomali madzulo, m'mawa osaipeza, ndipo akaifunafuna inkapezeka pansi pa mpando wa dalaivala. Misomali yopindika iwo analibe nayo ntchito, ankangoiponya m'chitini kuti adzapatse ogula zitsulo. Tsiku lina akukhuthula chitinicho anapeza yonse ili yowongoka bwinobwino, yosanjidwa mitu mbali imodzi. Anandiitana n'kundionetsa. Ine ndinati mwina ndi mlonda wa pamzerewu amasowa chochita. Mlondayo titamufunsa anagwedeza mutu, n'kunena kuti kugogodako amakumva ndithu chakum'bandakucha, koma ankayesa ndi ine.

Gonthi anayambanso kupendekera kumanja, mbali ya dalaivala, ngakhale alibe katundu. Ndinasintha masipuling'i kawiri konse. Akatsika pa jeke ankaima bwino, koma ndikangotembenuka kukasamba m'manja ndinkamva kuti kwiii, ndipo ndikacheuka wapendekeranso. Agalu a pano mukuwadziwa, salemekeza tayala la munthu. Matayala atatu a Gonthi ankawanyowetsa monga mwa masiku onse, koma la kutsogolo kumanja ankalilambalala patali, mchira uli pakati pa miyendo.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi hutala. Ine ndimafika pano kusanache bwino. Tsiku lina ndikutsegula garaja ndinamva katatu, kawiri mwachidule, kachitatu motalika. Miyendo yanga inanyamuka yokha, sipanala ili m'manja, mpaka ndinafika pampanda ndisanakumbuke kuti wondiitana motero tinamuika m'manda. Koma ine ndi makaniko, ndinati mawaya akugundana chifukwa cha mame. Ndinadula waya. Patapita masiku atatu inaliranso. Ndinamasula hutala yonseyo n'kuiika pashelefu m'garaja mwanga, ndinaitsekera. M'mawa mwake ndinaima pakhomo ndikuiyang'ana ndi maso angawa ili pashelefupo, pamene kuseri kwa mpanda kunalira katatu. Nkhani imeneyi sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga.

Zinayenda choncho chaka ndi miyezi. Munthu amazolowera zinthu zambiri.

Ndiye linafika tsiku limene mabuleki anatheratu. Alamu ankatsetsereka kuchokera ku Kanengo atasenza mapaleti makumi awiri, kutsogolo kuli minibasi yaima ikukweza anthu. Anaponda, phazi linangofika pansi. Gonthi anakhota yekha n'kukalowa mumulu wa mchenga wa anthu omanga, ndipo sanavulale munthu. Titamukokera kuno ndinalowa pansi pake ndi tochi. Chitsulo chachikulu chimene chimanyamula galimoto yonse, msana wake, chinali chitadyedwa ndi dzimbiri. Ndinachikankha ndi chala, chala chinalowa.

Ndinatuluka n'kunena mosapsatira.

"Alamu, Gonthi watha. Ndamupatsa ziwalo za magalimoto asanu ndi awiri, koma msana sindingamupatse. Tsiku lina adzathyoka pakati inu muli momwemo. Tiyanjane bambo alibe kale, mukufuna asowenso mayi?"

Tiyanjane ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, nthawi imeneyo anali kusukulu yogonera komweko. Alamu anangobwerera kukacheka matabwa awo. Ine ndinapita ndekha kukapeza wogula zitsulo zakutha, ndipo tinagwirizana kuti Lachisanu abwera ndi gasi adzamudule Gonthi zidutswazidutswa.

Lachitatu masana munthuyo anabwera kudzaona katundu wake. Anazungulira galimoto akuigogoda ndi kiyi. Atafika pachitseko cha dalaivala anawerama pang'ono, nati, "Wawa, bwana." Kenako anayang'anitsitsa pagalasi, anayang'ana ine, anayang'ananso pagalasi. Anaseka kuseka kosachokera mumtima, nati dzuwa lamuthobwa m'maso. Tiyi amene alamu anamupangira anamusiya osamwa.

Atangochoka, alamu anatseka geti.

"Sadula," anatero.

"Alamu, tinakambirana kale."

"Munakambirana ndi ndani? Muli munthu m'galimotomu, alamu. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, agalu akudziwa. Tsiku la mchenga lija manja anga anali kumaso. Chiwongolero anakhotetsa ndani?"

Ndinati zimenezo ndi zamaganizo. Ndinati achimwene tinawaperekeza mwamwambo, malume anatchula mitsinje yonse. Alamu anakhala pa paleti n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Pakhomo la nyumba yachisoni paja malume anati chiyani? Nenani mawu ake enieni."

"Anati kwera galimoto yako tizipita."

"Munthu uja, inu mukumudziwa bwino. Mutamuuza kuti kwera galimoto yako, angakwere kumbuyo ngati katundu?"

Ndinacheukira Gonthi.

"Ndiye titafika malume anakalankhula kumbuyo, kubokosi. Inu munatulukira khomo la alendo n'kumenyetsa chitseko. Iye angatulukire kumeneko?" Mawu awo anatsika. "Nanga chitseko chake anawotcherera ndani?"

Anzanganu, ndakhalapo ndi manyazi pa moyo wanga, koma a tsiku limenelo sindidzawaiwala. Chaka chonse ndi miyezi mkulu wanga wakhala akundiitana m'mawa uliwonse kuti ndidzamutsegulire, ine n'kumadula mawaya. Ndinathamangira kugaraja kukatenga tchizulo kuti ndichitsegule pomwepo. Alamu anandigwira mkono.

"Mukufuna atsikire pano, azizungulira m'matabwamu mpaka kalekale? Thupi lake lili kwa Kanjiwa. Akatsikira komweko."

"Ndiye tipeze lole, timukweze Gonthi pamwamba."

"Anakokedwa kamodzi dzana lija, mwaona mmene wapendekera kuyambira pamenepo? Wakwiya. Apita yekha ndi matayala ake. Inu ntchito yanu ndi kumufikitsa."

Ndinawauza kuti ndi makilomita oposa makumi asanu, kuti msanawo sungapirire. Anati akudziwa. Ndinawauza kuti tikhoza kufera panjira. Anati ndiye nditsale, apita okha. Mkazi wamfupi uja akaganiza chinthu, ngakhale achimwene ndi makani awo aja ankangovula chipewa.

Masana onse otsalawo ndinathera pa mabuleki. Lachinayi kukucha tinanyamuka. Kumbuyo tinakweza zigubu zinayi za madzi, waya, jeke, chitini cha misomali, ndi mapaleti asanu ndi limodzi amene alamu anati akapangira malume benchi. Alamu analowa, anakokera mpando kutsogolo, ine ndinakhala mbali ya alendo bokosi la masipanala lili pamiyendo. Asanalize injini anagwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Bambo a Tiyanjane, tikupita kwanu. Musativute panjira."

Gonthi amene masiku onse ankafuna kukankhidwa analira kamodzi kokha.

Tinayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Njinga zamoto zinkatipitirira, makondakitala a minibasi ankatikuwiza kuti tikagulitse kwa osula mbaula. Alamu maso anali pamsewu basi. Pamlatho wa Nathenje anati, "Tikuwoloka Nathenje." Pa Diamphwe chimodzimodzi. M'galimotomo munali fungo la utuchi wa paini, ndipo ine ndinkadziuza kuti ndi mapaleti akumbuyo aja, ngakhale mphepo inkapita nalo kwina. Phewa langa la kumanja linkazizira ulendo wonse pamene dzuwa linali litakwera.

Titangopitirira Diamphwe, dzuwa lili paliwombo, paipi ya madzi inaphulika. Tinaima m'mbali mwa msewu. Ndinathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo, monga timachitira galimoto ikawonongeka. Koma mukudziwa kuti masamba omwewo ndi amene timayala pamsewu pakagwa maliro. Ndili m'kati momanga paipiyo ndi mphira, ndinazindikira kuti msewu wati zii. Ndinadzutsa mutu. Anthu a njinga ankatsika n'kumayenda pansi akukankha, zipewa zili m'manja. Azimayi atatu amene ankabwera akuseka ndi madengu a tomato anasiya kuseka, n'kudutsa ataweramitsa mitu.

"Si maliro ayi!" ndinakuwa. "Galimoto yangowonongeka!"

Onse podutsa ankayang'ana malo amodzi, pagalasi la dalaivala, pamene alamu anali ataima nane kutsogolo atagwira chigubu.

Pomalizira panabwera bambo wina wachikulire, atamanga mitolo ya nzimbe panjinga. Anaimika njinga yake, anatipatsa moni mwaulemu, n'kuima kumationerera pang'ono. Pochoka anati:

"Pepani, si zanga. Koma atsitsireni galasi abambowo. Dzuwali si loti munthu n'kukhala motseka, ndiye akuoneka kuti akhalitsa."

Alamu anaika chigubu pansi. "Zikomo, bambo. Atsika posachedwa."

Ine sipanala inagwa m'manja, ndipo ndinaitola kawiri isanagwirike. Bambo wa nzimbe uja ndinamuyang'ana mpaka anakafika pokhota, chifukwa mtima wina unkandiuza kuti azimiririka. Sanazimiririke, anali munthu wamba ndi nzimbe zake, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Tinawoloka Linthipe dzuwa litapendeka, n'kusiya tala kulowa msewu wafumbi wa kwathu. Mvula ya chaka chimenecho inali itaukumba moipa. Pa dzenje lachitatu tinamva kuti gwa, ndipo Gonthi anakhala pansi chapakati ngati ng'ombe yotopa. Ndinalowa pansi pake. Msana unali utang'ambika mbali imodzi, mbali inayo utangotsala pang'ono. Ndinatuluka, ndinakhala pafumbi, ndinati basi, apa ndiye pathera nzeru zanga. Kumudzi kunali kutatsala makilomita asanu ndi atatu.

Alamu sanandiyang'ane n'komwe. Anakwera kumbuyo n'kuyamba kuponya mapaleti pansi.

"Mwana akathyoka mwendo kumudzi timatani? Timamangirira timitengo. Ikani jeke."

"Alamu, galimoto simangidwa ndi matabwa."

"Inu mwayesa zitsulo chaka chonse. Ikani jeke."

Anakanula mapaletiwo ndi chitsulo cha achimwene, mwamsanga koma osang'amba, n'kusankha mitanda yokhuthala ya pansi ija. Tinaipanikiza uku ndi uku kwa msana wothyokawo, itatu mbali iyi, itatu mbali inayo. Pofuna kukhoma tinapeza kuti hamala yatsala kuno ku Mchesi. Alamu anaiona ili pamsomali pake m'mawa, ndipo anaisiya dala kuti isasowe panjira. Tinayang'anana. Kenako anapita kukasuzumira m'galimoto, n'kubwera nayo, mpini wake wofiira uja. Inali pampando, osati pansi pake.

Tinakhoma ndi misomali ya m'chitini, yowongoka yonse, ndipo sunapindike ngakhale umodzi. Pamwamba pake ndinakulunga waya mpaka manja anatuluka magazi. Titatsitsa jeke matabwa analira, koma anagwira.

Kuchokera pamenepo tinayenda ndi giya yoyamba yokha. Ine ndinkayenda pansi kutsogolo, kuchotsa miyala ndi kuloza pamene tayala lipite. Dzuwa linafiira. Titawoloka kamtsinje kathu ka Kanjiwa, alamu atangotchula dzina lake, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinatsegula kutsogolo ndipo fungo lokha linandiuza kuti yapsa, sidzaliranso. Mitengo ya kumanda inkaoneka pamwamba pa chitunda, mtunda woti munthu ukhoza kukuwa n'kumveka.

"Tikankha," anatero alamu, akuvula nsapato.

Tinakankha awiri, Gonthi osasuntha. Anthu ochokera kumadimba anayamba kuima. Wina anathamanga kukaitana malume a Chimbalanga, amene anabwera ndi ndodo yawo akupuma movutika. Alamu anagwada n'kuwafotokozera mwachidule. Malume anamvetsera, anayang'ana chitseko chowotchereracho, anayang'ana ine. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Iwo anangoti, "Ndiye ndinalankhula ndi matabwa." Kenako anauza amuna onse amene analipo kuti agwire galimoto.

Tinali anthu ngati khumi ndi awiri. Gonthi anayamba kukwera pang'onopang'ono, matabwa aja akulira pansi pake. Kunkangomveka kupuma ndi matayala akuphwanya timiyala. Kanjira ka kumanda kwathu n'kokhotakhota, ndipo chapakati pali chitsa chachikulu cha muwanga chimene ngolo zambiri zathyokerapo. Tinakhota koyamba, tinakhota kachiwiri, chitsa chija tinachilambalala bwinobwino. Ndipamene ndinacheuka kumanzere kwanga n'kuona alamu ali pambali panga, phewa lili pa galimoto, thukuta lili chuchuchu. Ndinawerenga anthu onse. Tonse tinali kumbuyo.

Alamu anaona kuti ndazindikira. "Kankhani," anatero. "Njira akuidziwa."

Gonthi anaima yekha m'mphepete mwa mitengo ya kumanda, chisisira chitayamba. Malume anauza anthu kuti aime patali. Ndinatenga tchizulo ndi hamala ya mpini wofiira. Poyamba ndinaphonya. Malo oyamba anaduka, achiwiri anaduka. Ndisanamenye achitatu ndinayang'ana pagalasi. Kunja kunali kutada pang'ono, ndipo pagalasipo ndinaona nkhope yanga yomwe, koma kuseri kwake mdimawo unali wokhuthala kuposa mmene mdima wa m'galimoto yopanda munthu umakhalira. Sindinayang'anenso kachiwiri.

Ndinamenya. Ndinapana ndi sipanala monga ndinkachitira kale, ndipo chitseko chinatseguka chikulira.

"Achimwene," ndinatero, "pepani, ndachedwa."

Malume anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma anayang'ana alamu n'kuwakodola kuti anene ndiwo. Alamu anafika pafupi, opanda nsapato, chitenje chili fumbi lokhalokha.

"Bambo a Tiyanjane, tafika. Kuno ndi kwanu. Ntchito ndikuitha, mwana akuphunzira. Tsikani."

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako masipuling'i analira kuti kwiii, ndipo Gonthi, amene anapendekera kumanja chaka chonse ndi miyezi, anadzuka pang'onopang'ono n'kuima mowongoka. Fungo la utuchi linandidutsa pafupi kwambiri moti ndinapatuka ndekha kupereka njira. Udzu wa m'kanjira kolowa m'mitengo unagwedezeka, ngakhale kunalibe mphepo. Malume anavula chipewa, ndipo tonse tinaima choncho mpaka udzuwo unaleka.

Alamu anasuzumira m'galimoto. Mpando unali kumbuyo, kumapeto. Anaukokera kutsogolo, anatseka chitseko bwinobwino, ndipo tinapita kukagona kwa malume.

M'mawa kutacha alamu sindinawapeze pakhomo. Ndinadziwa kumene apita. Ndinawapeza ataima pa Gonthi, chitseko chili chotsegula, dzanja lili pampando. Mame anali mbuu pagalasi.

"Uli pomwe ndinausiya," anatero.

"Ndiye zatheka, alamu. Apumula."

"Uli pomwe ndinausiya, alamu."

Mayi amene sanalire pokhoma bokosi la mwamuna wake, amene sanalire pamanda, amene anakankha galimoto opanda nsapato, anakhala pansi pafumbi n'kulira mokweza mpaka azimayi a m'mudzi anatuluka m'nyumba kuthamangira komweko. Ine ndinaima poteropo ngati chitsiru, sipanala ili m'thumba. M'mawa uliwonse kwa chaka ndi miyezi ankadzuka podziwa kuti akapeza mpando utabwezedwa, ndipo ankaukoka akung'ung'udza ngati mmene ankachitira mwini wake ali moyo. Iwo ndi amene anaumirira ulendo wokamutsitsa, akudziwa bwino lomwe chimene akataye.

Atatonthola anapukuta m'maso ndi chitenje, anamasula matabwa amene anatsala, ndipo pofika masana benchi ya malume inali itatha. Kenako anandiuza kuti ndimuimbire foni wa zitsulo uja, abwere ndi lole yake adzatenge katundu wake, tsopano muli zitsulo zokhazokha.

Pikapu yoyera imene mumaiona ikutsitsa mapaleti panoyi anagula chaka chathachi. Mabuleki imamva, zitseko zonse zimatseguka, agalu amanyowetsa matayala onse anayi. Koma sabata yoyamba titabwerera, ndinawapeza alamu ataima pachitini chija akuyang'ana misomali imene anaponyamo dzulo lake, ili yopindika monga anaisiyira. M'mawa mwake ndinalawira, ndinatenga hamala ya mpini wofiira, n'kukhala pamwala pano.

Akafika amamva kugogodako ali pageti, amakalipa kuti ndikuwasokosera, ine ndimapitiriza. Ndi awo akubwera apowo. Bweretsani chitinicho kuno, ndipo wina asayerekeze kuwauza kuti ndakufotokozerani.